Zipi Yakanira Pamchombo

Chiyambire lamulo latsopano, njinga yamoto silira pokhapokha aliyense wokwerapo atavala chisoti ndi jekete, zipi mpaka pakhosi.

Tsiku lomwe matenda a uchembere anamuyamba Nasibeko, zipi inakanira pamchombo.

"Kokerani mimba mkati, mayi," anatero Lufeyo, mwamuna wake, thukuta lili kamukamu.

"Ndiikokere kuti? Si inu munaikamo mwanayu?"

Njinga inangoti zii, chipatala chili kutsidya kwa dambo.

Nasibeko anavula jeketeyo mokalipa, naveka thumba la madeya lomwe linali pakhonde, natseka zipi, chisoti pamwamba. Atalikweza thumbalo, injini inalira.

Nasibeko anakhala kumapeto kwenikweni, kuseri kwa thumbalo, ali ndi chitenje chokha.

"Muyendetse bwino, bambo," anatero akukukuta mano. "Madeyawa angavulale."