Akubwera Kapena Akupita

Pamene wowotcherera zitsulo ankatulukira pageti, magolovesi adakali m'manja, n'kuti mkazi wake atafika kale kumathero a msewu, komwe dzuwa linkathobwa m'maso. Chomwe chinkaoneka kumeneko n'kamunthu kakuda bii, kosadziwika nkhope kapena nkhongo, chikwama chili pamutu.

"Alamu akubwerera," anatero mlongo wake, yemwe anali ataima pagetipo. "Taonani miyendoyo, achimwene."

Iye anayang'anitsitsa miyendo. Zoonadi, inkaponda molunjika kuno, mosapupuluma, mmene mkaziyo ankayendera akamachokera kumsika. Mtima unakhala pansi. Koma atakweza maso n'kuona chikwama chija, chomwe chogwirira chake anakonza yekha, kamunthu kaja kanasintha osatembenuka n'komwe. Kankapita.

"Akupita uyo," iye anatero.

"Ndiye kuti mwayang'ana chikwama inu."

Anayesanso. Akayang'ana miyendo, mkazi akubwera. Akayang'ana chikwama, mkazi akupita. Anatikita maso ake ofiira, omwe moto wa zitsulo unawatha kalekale, koma kamunthuko kankangotsata pomwe iye waika maso.

"Kodi potuluka anakuuza chiyani?"

"Anati mukangowaitana kamodzi kokha abwerera. Anaimatu pano nthawi ndithu. Inu muli kalikiliki ndi makina anuwo."

Anatsegula pakamwa kuti aitane, koma mtundawo sunalinso wofika mawu. Anaponya magolovesi pansi n'kuliyatsa liwiro, zinsapato zantchito zikumulemera.

Tsopano, kaya ayang'ane miyendo kaya chikwama, kamunthu kaja kankangokulirakulira.