Kakhosi pa Paipi

Khasu linagunda paipi dzenje litafika m'mawondo. Bambo wa m'nyumba yaikulu anapukuta thukuta n'kumwetulira. Tsikulo madzi anali atasiya kutuluka m'mipopi ya mumsewu wonse, ndipo mlamu wake, mkazi wa malemu mkulu wake, anali atapita kumsika.

Mayi ameneyo ndiye anamuyalutsa. Pamaso pa alendo ananena kuti manja a alamu ake ndi odyera basi, ngakhale msomali sangakhome. Anthu anaseka mpaka misozi, ndipo kuyambira pamenepo ana a mumsewu ankamuitana kuti a Odyera. Zinamuwawa mpaka m'mafupa. Analumbira kuti mayiyo asamuka yekha m'kanyumba kake ka kuseri, kaja malemu anayamba kumanga asanalote n'komwe za nyumba yaikulu.

Nzeru anakaitenga kwa wogulitsa mapaipi.

"Mukalumikiza kapaipi kakang'ono aka pakati pa paipi yaikulu, madzi amapanikizika," anatero wogulitsayo. "Pakakhosipo amathamanga koopsa, koma akangotuluka amayamba kuzungulirazungulira, mphamvu yonse yathera pomwepo. Kutsogoloko mpopi umangodontha."

"Nanga kumbuyo?"

"Kumbuyo ndiye ku mtendere, bwana. Madzi mbwee!"

Pakati pa nyumba ziwirizo panadutsa paipi imodzi yokha. A Odyera anaidula, youma gwa, n'kulowetsapo kakhosi kaja. Anamanga ndi sipanala mano ali chilumire. Anakwirira, anapondaponda, anawazapo masamba ouma. Kenako anayang'ana matuza m'manja mwawo monyadira.

"Awaone manja odyerawo," anadziyankhulira. M'maganizo ankamuona kale mayiyo atasenza ndowa, akupempha madzi khomo ndi khomo.

M'mawa madzi anabwera. A Odyera analowa m'bafa akuimba likhweru. Mpopi unalavula kamodzi mwamphamvu, iwo n'kudzipaka sopo kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Atatsegulanso, dontho. Kenako dontho lina. Anapotokola mpopi mpaka kumapeto, sopo akuwawa m'maso, koma ayi ndithu.

Kuseri kunkamveka mkokomo wa madzi akudzaza ndowa.

"Alamu!" anaitana mayi uja ali pansi pa windo la bafa. "Kaya munakumba chiyani dzulo, koma zikomo. Chimangire nyumba yaikuluyi sindinaonepo madzi otere kwanga. Paja akulu anu madzi anayamba kukokera kukanyumba kangako, inu anachita kukulumikizani kwa ine. Ndikugaireni ndowa imodzi?"