Kalata Yomwe Inaphika Oyilo

Oyilo atatentha kufika madigiri 150, Dragoș anatuluka mumpikisano wa magalimoto kutangotsala kuzungulira kawiri kuti apambane. Atagwada kutsogolo kwa galimoto yake, anapeza chikatoni chitatseka polowera mphepo yoziziritsa oyilo wa injini ndi wa giyabokosi. Pachikatonipo panalembedwa kuti: "Ndimakukonda. Ndine ndani?"

Anayang'ana uku ndi uku. Ilinca, mtsikana wogulitsa khofi pabwalopo, anali ataima chapambali, maso ali pansi.

"Ndiwe, eti? Malo onsewa, wakasankha pamenepa?"

"Ndikanaika pati nanga, bwana dalaivala? Zaka ziwiri zonsezi, pomwe umayang'ana iwe ndi pomwepo basi."

Dragoș anawerenganso mawuwo pang'onopang'ono, injini ikufuka utsi.

"Lamlungu likubwerali ulembenso," anatero. "Koma pakapepala kakang'ono."