Kapitawo amene anatumiza mlamu wake kukhola la agalu

Panali munthu wina, kapitawo wa alonda pakampani yosunga katundu. Ndikuti "wina" chifukwa cha manyazi, koma ondidziwa amva.

Mlamu wake, mwamuna wa mlongo wake, anali mlonda wa pageti pomwepo. Anadwala khansa, madokotala anam'chotsa kapamba n'kum'patsa mankhwala aja othothola tsitsi. Patatha chaka anabwerera kuntchito, tsitsi litamera, masaya atadzaza.

"Alamu," anatero kwa kapitawo, "khansa yatha, koma adokotala akuti popanda kapamba thupi sililimbana ndi matenda ngati kale. Akuti ndipewe kulumidwa ndi nyama, ndipo thupi likangotentha ndithamangire kuchipatala nthawi yomweyo."

Kapitawo anaseka. "Mwachira kapena simunachire? Pageti ndinaikapo kale munthu. Malo otsala ndi kukhola la agalu. Ngati simukufuna, njira yotulukira mukuidziwa, paja munkatsegula ndinu."

Munthu wa ana anayi akanatani? Anavomera. Kapitawo anam'patsa dzina loti Dzira, alonda onse n'kulitola. "Dzira, yendani bwino, mungasweke!"

Tsiku lina Lachitatu, mlamuyo akuika mbale za agalu, galu wina anam'luma chala. Kabala kake ngati kobayidwa ndi minga. Lachisanu m'mawa anafika kuofesi akunjenjemera, mano akugundana.

"Alamu, chonde, ndiloleni ndipite kuchipatala."

"Galu ameneyo anabayidwa katemera wa chiwewe. Ine agalu andiluma kasanu, ndafa? Katsukeni khola, muweruke limodzi ndi anzanu."

Anauzanso wa pageti kuti Dzira akatuluka nthawi isanakwane, onse awiri ntchito yatha.

Cha m'ma folo koloko alonda anzake anam'peza atakhala pansi m'kholamo, payipi ikungotaya madzi, iye osazindikira munthu. Kuchipatala anati tizilombo ta m'kamwa mwa galu talowa m'magazi. Dokotala anafunsa kuti, "Bwanji sanabwere m'mawa?"

Moyo anaupulumutsa, koma manja anali atada bii. Anawadula onse awiri.

Kapitawo anazengereza milungu itatu asanapite kukazonda. Atalowa m'chipindamo, wodwalayo anati, "Pepani alamu, moni wa padzanja ndilibe."

Mlongo wa kapitawo uja sanalire, sanatukwane. Anangom'patsira mbale ndi supuni. "Achimwene, mudyetseni. Muone bwinobwino mmene amadyera masiku ano."

Papita zaka khumi ndi chimodzi, mlongo wakeyo sanam'tchulenso kuti achimwene.

Phunziro: Munthu amene anachira khansa akabwerera kuntchito, musamuyeze ndi maso. Ena mphamvu zimabwerera zonse, ena thupi limakhala lopanda chitetezo chokwanira kwa zaka, makamaka ochotsedwa kapamba. Akakuuzani zimene dokotala wanena, mverani, ndipo akati thupi latentha m'tsegulireni geti. Tumizani nkhaniyi kwa aliyense amene ali ndi anthu pansi pake. Ine panalibe wonditumizira.