Dima la pa Foni la a Kalekeni

Ndagi! Munda ndi wanga, ndimalima ndekha, koma ndikaitana abale kudzandithandiza kukolola, andilanda. N'chiyani? Amene mwati fodya wa pa kontilakiti mwaphonya. Mverani.

Panali bambo wina cha ku Chamama, a Kalekeni, mlimi wa fodya. Anatsegula tsamba pa intaneti, lija amati bulogu, n'kumalembapo za nazale, kasankhidwe ka fodya ndi mitengo ya ku okushoni. Kampani ina yakunja inkaikapo malonda, ndipo munthu akadina pamalondawo, iwo ankapezapo kangachepe. Lamulo linali lomveka: osadina wekha, osatuma anthu kuti akudinire. Mwezi ukatha ankalemba patsambapo ndalama zomwe apeza, osaonjezera ngakhale tambala, ndiye anthu ankawakhulupirira.

Koma kampaniyo inkatumiza ndalama pokhapokha zikafika pamlingo wake. Atalemba chaka chathunthu, kunangotsala pang'ono. Mvula inali pafupi, ndipo ndalamazo anali ataziwerengera kale feteleza.

Mnzawo wa kukalabu ya fodya, a Mphepo, anati, "Achimwene, dzinja lija munda wanu wonse tinaupalira tsiku limodzi. Tizithunzi ta malonda timeneti tingatikanike? Itanani dima."

Akazi a Kalekeni, a Fainala, anamva. "Bambo a Yankho, si inu munandiwerengera kuti zimenezo n'zoletsedwa?"

"Mayi, anthuwo ali kutali. Chamama akuidziwa kuti ili pati?"

"Potumiza ndalama mukuti akukudziwani. Pokugwirani ndiye sakudziwani?"

A Kalekeni anangoti, "Phikani thobwa."

Loweruka anthu a kalabu anadzaza m'chigafa cha fodya, thobwa zidebe ziwiri. Mafoni anali atatu okha, ankangopatsirana ngati makasu. A Yobe, madala osadziwa ndi kuwerenga komwe, anadina malonda a nsapato za akazi maulendo makumi awiri.

"Madala, mukufuna mugulire ndani? Mayi akudziwa?" anafunsa a Sipho, mnzawo wa m'kalabumo.

"Ndisiyeni. Dima losapweteka msana ndaliona lero."

Mlingo unakwana tsiku lomwelo.

Mwezi utatha a Kalekeni analemba lipoti lawo mwa nthawi zonse, ndalama ndendende. Tsono mukudziwa kwathu kuno, munthu akakuthandiza pazovuta umamutchula dzina pagulu, ukamudumpha ndi mlandu. Pansi pa lipotilo analemba kuti, "Tithokoze a Mphepo, a Yobe, a Sipho ndi kalabu yonse pobwera kudzadina malonda. Mulungu abwezere pamene mwachotsa." Anaikaponso chithunzi, anthu ali m'chigafa, foni m'manja.

Patapita masiku anayi kunabwera uthenga. Malonda achotsedwa, ndalama zonse zabwezedwa kwa eni malonda, ndi zija za chaka chonse zomwe anazipeza mwachilungamo.

A Kalekeni anadandaula kukampaniko kuti anthuwo anangodina okha, iwo sakudziwapo kanthu. Yankho linabwera lalifupi. Anangowatumizira mawu awo omwe othokoza, ndi chithunzicho.

"Ndimayesa Chichewa sadziwa," anatero a Kalekeni.

"Chithunzi chilinso ndi Chichewa?" anafunsa a Fainala.

Mvula inagwa, mbande zinafika pookera, feteleza palibe. Anapita kwa a Mphepo kukapempha thumba limodzi lokha.

"Achimwene, kudina tinadina, mbali yathu tinakwanitsa. Feteleza aliyense akuyang'ana munda wake."

Chaka chimenecho a Kalekeni anaokera theka la munda. Mbande zotsalazo anagula ndi a Mphepo omwewo, pamtengo wotaya.

Phunziro: Kulemba zoona palipoti n'kwabwino, koma sikuyeretsa ndalama yomwe mwaipeza pophwanya lamulo. Malamulo a kampani ya malonda awerengeni, muwatsate, ndalama ikachedwa idikireni. Pezani ndalama m'njira yoti mukhoza kuifotokoza pagulu osachita mantha. Tumizirani abale onse amene ali ndi masamba pa intaneti, thobwa asanaphike.