Namfuko Asankha Mwamuna ndi Mphuno

Padangotero, tsiku limene Namfuko ankasankha mwamuna. Amalume ake analipo, azakhali analipo ndi mkeka wawowawo, koma alamu a Nungu sanabwere, ati mutu, chonsecho anaoneka ku mowa.

Maso a Namfuko ndi ongokongoletsa nkhope, ndiye anati, "Amalume, ine ndilondola fungo. Kumene mphuno ikandifikitse, wanga ndi yemweyo."

Ofunsira anali awiri: Chombwe, mwini mafuta onunkhira, ndi Bwampini, wa kansupa kamodzi ka mafuta a mtedza.

"Achimwene, kameneko n'kofunsirira mbeta kapena n'kothira m'ndiwo?" anaseka Chombwe. Basi anakhuthula mafuta ake onse, pabwalo, pamitengo, ngakhale pamkeka wa azakhali.

Bwampini anadontheza kadontho kamodzi pakhomo pa una wa Namfuko, tiwiri patsogolo pake, titatu pafupi ndi pamene iye anakhala.

Namfuko atatulutsa mphuno, anayetsemula. Fungo la Chombwe linali kumanja, kumanzere, kumbuyo, paliponse chimodzimodzi. Anazungulira katatu n'kukakumbatira amalume ake.

"Iwe mwana, ndine ine!" anakuwa amalumewo.

Namfuko anayambiranso kununkhiza, poti kulephera lero ndiye umbeta chaka chinanso. Atagunditsa mphuno pansi, anamva kafungo ka mtedza. Atasuntha, kanakula. Atasunthanso, kanakulirakulira, mpaka anagunda ndevu za Bwampini.

"Koma ine ndanunkhiritsa mudzi wonse!" anadandaula Chombwe.

"Eya, bambo," anatero Namfuko, "zoti mulipo ndinamva ndithu. Zoti muli pati ndiye sindinamve."

Nane ndathera pompo.