Buku la Njati

Njati italira kuseri kwa mpanda wa malata, a Masofiira anaponya pansi ndodo yowotcherera n'kutukwana chamumtima. Magetsi anali atangothima. Kamakina kawo ka pakhoma kanali zii, geti la kasitomala limene ankawotcherera lili gone pansi losatha, koma kwa mng'ono wawo injini inkagunda ngati dziko lonse ndi lake.

Njati chinali chimakina cha malemu bambo awo, chowotcherera zitsulo, chakalekale, cha injini yakeyake yosapempha magetsi kwa munthu. Atadwala, bambowo anagawa katundu mwa njira yomwe a Masofiira sanaimvetse mpaka lero. Makina kwa wamng'ono, buku la makinawo kwa wamkulu. Buku! Mwana woyamba kubadwa, yemwe maso anafiira ndi moto wa Njati yomweyo mpaka anthu kumupatsa dzina, n'kumusiyira mapepala onunkha girisi.

Nsanje inawalowa m'mafupa. M'mawa uliwonse mng'onoyo ankaliza injini, monga ankachitira bambo awo, amene ankati injini yogona imagwira dzimbiri. A Masofiira sankamva za dzimbiri, ankamva chipongwe. Kasitomala akachoka pakhomo pawo chifukwa cha magetsi, iwo sankafunsa kumene wapita. Ankadziwa kale.

Ndiye muoneni mwini Njatiyo. Ovolosi yake yopanda ndi kabowo komwe ka moto, maso oyera mbee ngati wa mu ofesi. Tsiku lonse ankakhala pakhonde n'kumamata machubu a njinga, kuphimba anthu m'maso kuti achibale asamupemphe kanthu. Ntchito yeniyeni, a Masofiira ankatero, imachitikira kuseri, ndipo ayenera kuti analemba aganyu.

Tsiku limenelo, injini itazima, mng'onoyo analowa pageti manja ali kumbuyo.

“Achimwene, ndabweranso za buku lija.”

“Linasowa.”

“Kampani yopanga makinawa inatha kale, achimwene. Ndasaka pa foni, ndafunsa kwa ogula zitsulo zakutha, ndafika mpaka kwa mdala uja wokonza mathirakitala. Palibe amene analionapo. Mungondibwereka ndijambule masamba a mawaya a m'kati, ndibweza lero lomwe.”

“Buku la chiyani, Njati ikulira bwino chonchi?”

“Kulira ikulira, koma…”

“Koma chiyani? Ukufuna ndivule ndi ovolosi yomwe ndikupatse?”

Mng'onoyo anayang'ana pansi, n'kutuluka osatseka geti.

Bukulo silinasowe ayi. Linali m'bokosi la masipanala, lokulungidwa mu pulasitiki. A Masofiira analitulutsa n'kuyamba kulitsegula. Chikuto chinali chitathothoka, masamba atachita chikasu, ndipo pa chithunzi chilichonse cha mawaya panali chidindo chakuda cha chala cha bambo awo. Pena bambowo anajambulapo timivi ndi pensulo, kusonyeza waya woti ukhudzike pa batire makina akakana kutulutsa moto. Zinthu zotere munthu sasunga m'mutu. Ngakhale a Masofiira, amene anakulira pa Njati, sakanatha kulondola mawayawo popanda kuyang'anamo.

Apa ndi pamene mtima unawauza zoipa. Bukuli likakhalapo, tsiku lina mwana uja adzalipeza. Adzadzera kwa alamu ake, kapena adzabwera ndi amalume kudzakamba za chibale, ndipo zikatero adzakhala ndi zonse, makina ndi nzeru zake zomwe. Koma Njati ndi yokalamba. Tsiku lidzafika loti idzakhosomole n'kukhala chete, ndipo tsiku limenelo nayenso adzalawe kukhala manja lende anzake akugwira ntchito.

Pakona pa bwalo panali mgolo wotenthera zinyalala. Anathiramo dizilo pang'ono.

“Bambo a m'nyumba, mwapenga?” mkazi wawo anakuwa ali pakhomo, thovu la sopo lili m'manja. “Si buku la apongozi limenelo? Chibale ndi fupa, sichiola!”

“Fupa limatsamwitsanso,” anayankha a Masofiira, n'kukhwatchitsa machesi.

Pepala lomwa girisi silivuta. Masamba anapindika limodzilimodzi, zala za bambo awo zikuda n'kusanduka phulusa. Anatakasa ndi chitsulo kuti pasatsale ndi kachidutswa komwe. Kunena zoona, mtima unawapepuka. Anakhala pa benchi n'kumaimba kamluzu, koyamba chichitikire maliro.

Dzuwa litapendeka, anamva matayala achitsulo akukwekwereza miyala mu msewu. Geti linakankhidwa, ndipo Njati inalowa chambuyo, yopukutidwa bwino, anthu oyandikana nawo akuthandiza kukankha. Mng'ono wawo anaika mwala kutayala, n'kupukuta thukuta ndi chipewa.

“Achimwene, ine ndalephera,” anatero. “Njatiyi inayenera kukhala yanu kuyambira kale. Ndimafuna ndikupatseni ili yamoyo, n'chifukwa chake ndimakuvutitsani za buku. Injini ndimangoiliza kuopa dzimbiri, koma chimwalirire bambo sinatulutsepo moto, ngakhale wowotcherera supuni. Ndikudziwa buku muli nalo. Muidzutsa inuyo.”

Kumbuyo kwa a Masofiira, mgolo unali ukufukabe utsi.